Chofunda cha zigamba cha makapu: gawo lomaliza musampatse telala

Chofunda chatha tsopano, chili pabedi la amayi ku Chilenje mu Lusaka, ndipo chisanu cha Juni chino chawapeza okonzeka. Mtima wakhala pansi, komabe mkwiyo sunathe, choncho ndiyambe ndi chimene chinandiwawa. Ngati mwasoka kale pamwamba pake ndi manja anu, ntchito yophatikiza nsalu zitatu, ya pamwamba, ya pakati ndi ya kunsi, musaipereke kwa telala amene sanasokepo chofunda chotere. Zina zonse zimangofuna kudekha.

Amayi ndi munthu wa tiyi. M'mawa tiyi, madzulo tiyi, m'kapu yawo yachitsulo ya Kango ija yochokera ku Zimbabwe imene inasupuka kale m'milomo. N'chifukwa chake ndinafuna kuti chigamba chilichonse chikhale kapu, ndipo kapu iliyonse ichokere ku nsalu imene iwo akuidziwa. Zotsala za chitenge cha chilanga mulilo cha mng'ono wanga, cha kitchen party ya mlamu wanga, cha azimayi a kutchalitchi, kachidutswa ka yunifolomu ya mdzukulu wawo, ndi chitenge chawo chakale cha ku fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe chimene chinang'ambika pakati koma m'mbali chinali cholimba. Nsalu ya Mulungushi ija ndi thonje lenileni, singano imalowa yokha. Zambiri zimene tikugula masiku ano sizili choncho.

Zidutswa za pakhomo sizinakwane. Matelala a m'misika ya kukomboni amasesa zidutswa tsiku lililonse, ndipo mukapempha mwaulemu ena amakupatsani thumba laulere, ena amafuna kandalama ka drinki. Pemphani za zitenge ndi za malaya a thonje, za masuti ndi za malayining'i zisiyeni. Mukafika kunyumba yesani chilichonse ndi machesi: dulani kachidutswa, kayatseni pa mbale. Thonje limayaka n'kusiya phulusa lofewa, fungo lake la pepala lopserera. Poliyesita imasungunuka, imasiya kampira kolimba kakuda. Za poliyesita zija zimaterera pansi pa makina ndipo nsimbi ikatentha zimakwinyika, choncho ine ndinazipatula zonse.

Kenako chapani. Chitenge chatsopano chimabwera chouma ndi sitachi, chikalowa m'madzi chimafupika, ndipo chofiira ndi chabuluu chakuda zimatulutsa mtundu. Ndinazinyika mosiyanitsa mitundu m'mabafa mpaka madzi atayera. Chitenge chimodzi chofiira chinakana kusiya kusuluka, ndinachichotsa ngakhale chinali chokongola, chifukwa makapu anga anali oti akhale pa nsalu yoyera mwa mkaka.

Nsalu yoyerayo ndiyo yokha ndinagula yatsopano ku Kamwala, pamodzi ndi ulusi ndi masingano a nambala 14 ndi 16. Pitani m'mawa pakati pa sabata. Loweruka simungatambasule nsalu kuti muione bwino, anthu amakukankhani uku ndi uku. Za pakati, zofunditsa zenizenizo, ndinapeza bulangeti lopepuka pa salaula ku Soweto. Lisankheni lopyapyala. Bulangeti lolemera la ubweya wautali limaoneka lofunda, koma singano ya pamanja siidutsa, ndipo likanyowa amayi achikulire sangalinyamule. Ya kunsi ndinatenga shiti ya bedi lalikulu, ya thonje, ya salaula yomweyo.

Muyeso wanga unali uwu. Mabwalo a ngodya zinayi 30, asanu m'mbali asanu ndi limodzi m'litali. Lililonse ndinadula masentimita 26 ndi theka kuti likasokedwa litsale 25. Pakati pa mabwalo ndi kuzungulira ndinaika mizere ya buluu ya masentimita 5, ndipo chonse chinatuluka pafupifupi masentimita 155 kwa 185. Dulani katoni yolimba ya muyeso umenewu, muzijambulira ndi choko. Msoko ukhale wofanana paliponse, mulifupi mwa kaphazi ka makina. Mukasiyanitsa pang'ono pokha pa bwalo lililonse, pofika pa lachisanu mzere wonse wapotoka.

Kapu yeniyeniyo si yovuta. Thupi lake ndi chidutswa cha masentimita 13 kwa 15, mupinde m'mbali ndi nsimbi, ngodya ziwiri za pansi muzizungulize pang'ono, mukhazike pa nsalu yoyera n'kusokerera. Chimene chimadya nthawi ndi chogwirira. Mzere wa chogwirira muudule mopingasa nsalu, kuchokera ngodya kupita ngodya, chifukwa wodula motero ndi umene umalola kukhota osachita makwinya. Nsonga zake ziwiri muzilowetse pansi pa thupi la kapu musanasoke thupilo. Makapu ena ndinawaika chogwirira kumanja, ena kumanzere, ena aatali, ena afupi onenepa. Nthunzi ya tiyi ndinaipeta pamanja ndi ulusi wotuwa, timizere tiwiri tokhotakhota pamwamba pa kapu. Sitani msoko uliwonse musanalumikize wina. Magetsi akapita, nsimbi ya makala imagwira bwino ntchito, kungoti muziyala kansalu pamwamba kuti phulusa lisadetse poyera.

Zonsezi ndinasoka pa makina a Butterfly opalasa ndi mapazi, ndipo sanandivute. Vuto linabwera nditaphatikiza. Ndinakolopa pabalaza, ndinayala shiti pansi chadodolido mbali yabwino ikuyang'ana simenti, bulangeti pamwamba pake, makapu pamwamba penipeni. Shiti ndi bulangeti zizitsala masentimita 10 mbali zonse. Ndinakwawa ndi maondo kuyambira pakati kupita kunja, kusalaza ndi chikhatho, kubaya mapini otseka aja motalikirana chikhatho chimodzi. Msana unauma koma chinagona bwinobwino. Nditafuna kuchilowetsa m'makina anga, mpukutu wake sunakwane pansi pa mkono wa makinawo. Apa ndi pamene anansi anandiuza za telala wina wa makina aakulu a magetsi pamsika wa kufupi.

Bamboyo anachitambasula, anachiyamikira, n'kunena kuti, "Amayi, iyi ndi ntchito yaing'ono, mawa m'mawa mudzatenga." Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. Ndinati, "A telala, mapini awa musachotse mpaka singano itafika pamenepo. Muyambire pakati. Mutsate mizere ya buluu yokha, pa makapu musadutsepo." Ndinawasiyira ndi ulusi wanga wa buluu. Anagwedeza mutu, anatenga K200 yoyambira.

Nditapita tsiku limene ananena, chofunda chinali m'thumba momwe ndinachisiyira. Akuti magetsi. Za magetsi tonse a mu Lusaka tikuzidziwa, sindinakangane nawo. Anandiuza kuti ndidikire, magetsi abwera posachedwa. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, ntchito zanga zonse zitaima, nkhomaliro osadya. Magetsi atabwera anayamba ndi diresi la mayi wina amene anafika pambuyo panga, ati ukwati ndi Loweruka. Kenako buluku la mnyamata wina. Pofika pa changa magetsi anapitanso. Ndiye akundiuza kuti mnzawo wa shopu yoyandikana ali ndi jenereta, koma ndiwonjezere K80 ya mafuta. Sitinapangane zimenezo. Ndinapereka chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo ndinkangofuna nsalu yanga ibwerere kunyumba. Anati ndikagule ndiwo, ndikabwera ndipeza chatha.

Ndinapezadi chatha. Mapini anga onse ali m'kachitini patebulo. Anawachotsa onse nthawi imodzi, ati amachedwetsa ndipo amathyola singano. Anayamba kusoka kuzungulira m'mphepete monse, ngati akusoka pilo, kenako n'kudutsa mizere kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Makina amakoka nsalu ya kunsi ndi mano aja a pansi, pamene kaphazi kamakankha ya pamwamba, ndiye ngati palibe chogwira nsalu zitatuzo, iliyonse imayenda ulendo wake. Popeza m'mphepete anali atatseka kale, nsalu yotsalayo inasowa kolowera, pakati panatukuka ngati chulu. Kunsi kunali makwinya opindikira osokereredwa. Ulusi wanga wa buluu sanaugwire n'komwe, anasokera wakuda umene unali kale m'makina, ndipo mzere umodzi unadula pakati pa kapu ya chitenge cha Mulungushi chija. Choipa koposa, shiti ndi bulangeti zotsala m'mbali anazidula ndi sizasi kuti "chioneke chaudongo".

Nditafunsa, yankho linali lakuti, "Amayi, chikachapidwa chidzawongoka chokha." Makwinya osokerera sawongoka ndi madzi, ndipo iwo akudziwa zimenezo kuposa ine. Sanapepese. Anafunanso ndalama yotsala. Imeneyo sindinapereke, ndipo ya mafuta ndi yoyambira ija sizinabwerere. Munthu wosoka masuti abwino akhoza kukhala kuti chofunda cha zigamba sanachigwirepo, ndipo palibe cholakwa kunena kuti ntchito iyi sindiidziwa. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti ndinanena zonse momveka, anavomera, kenako anachita zawo.

Kumasula kunali kowawa. Makina aakuluwo anali atasoka tinthu tating'onoting'ono tothinana, ndipo ndinkadula ulusi umodziumodzi ndi lezala madzulo aliwonse, ndikuopa kuboola nsalu. Mabowo a singano pa nsalu yoyera amatsekeka mukawaza madzi n'kusita, koma pa chitenge chakale chija panatsala kamzere kofooka, ndinachita kumatapo kansalu kunsi kwake. Shiti inali itachepa chifukwa chodulidwa, ndinalumikizako mzere wa chitenge m'mbali imodzi. Bulangeti ndinakagula lina.

Ndaiwala kunena za ulusi. Gulani wabwino, wosaduka mukaukoka ndi manja. Wotchipa uja wa timipukutu tambiri m'paketi umathothoka ubweya ndipo umaduka pakati pa msoko. Komanso musanalumikize mabwalo, ayaleni onse pansi muwayang'ane mutaima patali, kuti makapu ofiira asaunjikane mbali imodzi. Ajambuleni pa foni, chifukwa ana akadutsapo dongosolo lasokonekera.

Ulendo wachiwiri ndinaphatikiza ndekha. Kuwonjezera pa mapini ndinadutsitsa ulusi woyera wotalikirana kuchokera pakati kupita kungodya zonse ndi m'mbali, woti ndidzausolole pomaliza. Kenako pamanja, chofunda chili pamiyendo, ndinasoka kuzungulira kapu iliyonse pang'ono kunja kwa mzere wake, kuyambira makapu a pakati. Izi zimachititsa kapu kutukuka pang'ono, kuoneka bwino kuposa mizere ya makina. Pamphambano iliyonse ya mizere ya buluu ndinabaya ulusi wokhuthala woluka nawo uja, n'kumanga mfundo ziwiri, n'kusiya timichira. Ngati nthawi mulibe, mfundo zokhazo zikukwana, bola zisatalikirane kupitirira chikhatho. Valani kachitsulo ka kuchala, apo ayi chala chapakati chichita zilonda. Yambirani pakati nthawi zonse, m'mphepete mukhale momaliza. Ndipo mapini asachoke singano isanafike.

Mukamaliza zimenezi ndi pamene mumadula zotsala m'mbali. Mpendero ndinadula mizere ya masentimita 6, kuilumikiza kuti italike mamita 7 ndi kupitirirako pang'ono, kuipinda pakati ndi nsimbi. Kutsogolo ndinausokera pa Butterfly yanga, poti m'mphepete mokha mumalowa bwino ndi singano ya 16, kenako ndinaupindira kumbuyo n'kumaliza pamanja. Pangodya imani pang'ono musanafike kumapeto, pindani mzerewo kuti upange ngodya yosongoka, ndiye mupitirize.

Pochapa koyamba gwiritsani madzi ozizira ndi sopo wochepa, musachipotokole. Chifinyeni m'bafa, muchiyanike pamthunzi chitagona pa zingwe ziwiri kuti kulemera kwa madzi kusakoke misoko, ndipo makapu ayang'ane pansi ngati padutsa dzuwa, chifukwa dzuwa limasulutsa chitenge msanga. Mlamu wanga wapempha chake cha mwana, chaching'ono cha mabwalo 12. Ndamuuza kuti ayambe kusonkhanitsa zidutswa ndi kuzichapa, ndipo tidzachiphatikiza awiriwiri pabalaza pangapa.