Zikomo nonse amene munatiphikira ndi kutizonda

Abale ndi alongo, a mpingo, anansi athu a ku Chilenje ndi achibale a ku Katete, mayi a ana anga apeza bwino. Sabata yatha adokotala a ku chipatala chachikulu cha UTH anatiuza kuti matenda aja agona: magazi anasiya kutuluka, kutupa kwa m'matumbo kwatsika, ndipo sikelo yayamba kukwera. Panopa abwereranso pa mashini awo osokera.

Ambiri munkafunsa kuti akudwala chiyani, ife n'kumangoti m'mimba. Dzina lake ndi ulcerative colitis. Matumbo aakulu amatupa n'kuchita zilonda m'kati, munthu n'kumatsegula m'mimba za magazi usana ndi usiku. Sapatsirana, ndipo sayamba chifukwa cha madzi oipa. Chitetezo cha thupi ndicho chimaukira matumbo a mwini wake. Poyamba kulikonse ankati ndi kamwazi, mankhwala n'kumwa, osasintha. Sindikuloza chala aliyense, zizindikiro zake n'zofanana. Zenizeni zinadziwika atawaunika ndi kamera ya m'matumbo, colonoscopy, n'kutapa kanyama kukayeza.

Koma chimene chinkandisowetsa tulo ndi kuwonda. Mayiwa anayamba kuopa chakudya, poti akangodya, ulendo wa kuchimbudzi. Anasiya mkaka, nyemba, ndiwo zamasamba, mapeto ake nsima yomwe, kutsala tiyi ndi kachidutswa ka buledi. Mphete ya ukwati inkavuka yokha akamasamba m'manja. Nkhope inatha, koma mapazi n'kumatupa. Magazi atayezedwa anapezeka pa 7, pomwe kwa mayi amafunika 12 kapena kuposerapo.

Apa ndiye ndithokoze mwapadera mayi wa zakadyedwe wa kuchipatala kuja, amene anakhala nafe pansi osayang'ana wotchi. Anatiuza kuti matendawa akakula, ayironi amapita ndi magazi aja, mapuloteni nawonso amatayikira m'zilondazo, ndipo kutupa kwa mapazi kunkabwera chifukwa puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin inali itachepa. Nthawi yotere wodwala amafunika mapuloteni ochuluka kuposa munthu wathanzi, magalamu 1.2 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ndiye kusala kuja kunkangowonjezera mavuto, chifukwa thupi lanjala limachedwa kupola. Anatilangiza kudya pang'ono koma pafupipafupi, ndi kulemba m'kope chakudya chimene chawavutadi, osati chimene tangomva kwa anthu. M'mimba mukavuta, gaga achepe: phala losalala, nsima ya ufa wa breakfast m'malo mwa roller, mazira, nsomba, nkhuku, chiwindi, nthochi zakupsa, maungu. Mukakhala bata, nkhwani ndi bonongwe zibwerere pang'onopang'ono, zophikidwa mpaka kufewa. Ine ndimaona kuti malangizo amenewa akanayenera kuperekedwa tsiku lomwelo munthu wauzidwa dzina la matenda ake.

Amayi, apongozi anga, munasiya munda ku Katete mvula ili pakati. Ndinkakumvani m'bandakucha mukusefa ufa, mukuswera dzira m'phala, kenako n'kukhala m'mbali mwa bedi mukunyengerera mwana wanu, "kasupuni kamodzi kokha, mama." Ndilibe chokubwezerani. Amayi a Chigwirizano, munagawana masiku ophika ndipo simunakhumudwe titakupemphani kuchepetsa mafuta ndi kusiya tsabola. Anansi athu, munkatitengera nsomba ku msika wa Soweto ndi kuperekeza ana kusukulu ife tili kuchipatala. Alamu anga, mwatigulira mankhwala a m'matumbo otchedwa mesalazine thumba langa litauma. Anamwino a usiku, munkasintha zofunda mosanyinyirika, mopatsa wodwala ulemu wake. Ndipo inu amene munapereka magazi osadziwa kuti apita kwa ndani, Mulungu akudalitseni.

Ena munabwera ndi mizu ndi mndandanda wa zakudya zoletsedwa. Tikudziwa kuti chinali chikondi, ngakhale sitinatsatire. Chakudya chinabweza thupi, koma chimene chinaziziritsa matumbo ndi mankhwala: prednisolone kwa kanthawi, pamodzi ndi kashiamu poti prednisolone amafooketsa mafupa, ndi mesalazine wa tsiku ndi tsiku. Matendawa amagona n'kudzukanso, choncho mankhwala sasiyidwa ngakhale munthu akuoneka wathanzi. Brufen ndi diclofenac anatiletsa, zimatha kuwadzutsa. Chonde musadzawapatse akadandaula mutu.

Wina mwa inu akamaona magazi m'chimbudzi kwa masabata, mankhwala a kamwazi osathandiza, thupi n'kumatha, apemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu akamuunike. Ofuna kufunsa za kaphikidwe, bwerani kunyumba, kope lija lilipo ndipo eni ake avomera kuti muone. Lamlungu likubwerali tidzapereka chopereka chathu cha chiyamiko m'mapemphero a m'mawa, kenako tidzadyera limodzi kunyumba. Nonse mwaitanidwa.