Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Msampha wa Nambala 75

Gawo lapitali tinalekezera pomwe ndinayamba ntchito mu labotale ina kuno ku Harare. Lero tilowe m'chipinda cha makina otchedwa ICP-MS, oyezera zitsulo ndi poizoni monga arsenic m'madzi. Nkhaniyi ndi yathu, abale anga, chifukwa ambiri ku Mbare ndi ku Mufakose timamwa madzi a pamjigo, ndipo ena ali m'migodi ya golide ku Mazowe ndi ku Shamva, komwe miyala yagolide nthawi zambiri imakhala ndi arsenic.

Madzi akafika sitithamangira nawo kumakina. Timawasefa ndi sefa ya timabowo ta 0.45 micron, kenako n'kuthira nitric acid pafupifupi 2% kuti zitsulo zisamamatire kubotolo. Mchere wosungunukamo usapitirire 0.2%. Ukachuluka umaundana pakabowo ka cone ya nickel, kabowo ka milimita imodzi yokha kolowera mkati mwa makina, ndipo manambala amayamba kutsika mwakachetechete. Pachifukwachi botolo lililonse timalithira muyezo wofanana wa chitsulo cha indium ngati chizindikiro. Indium akatsika, ndiye kuti makina atsamwa, osati madzi ayera.

Nebuliser imasandutsa madziwo nkhungu, ndipo mpweya wa argon umaikankhira mu plasma, lawi lotentha madigiri 6,000 mpaka 10,000 pa sikelo ya Kelvin, lomeza malita pafupifupi 15 a argon pa mphindi. Mmenemo chilichonse chimaphwanyika, makina n'kumawerenga maatomu potengera kulemera kwake.

Msampha uli apa. Arsenic ali ndi kulemera kumodzi kokha, 75, palibe kwina kothawira. Koma argon amalemera 40, chlorine wa mumchere 35. Ziwirizi zikagwirana m'lawimo zimakwana 75, makina n'kulemba kuti ndi arsenic. Malire a WHO m'madzi akumwa ndi mamaikilogalamu 10 pa lita, kotero cholakwika chochepa chikhoza kutseketsa mjigo wabwinobwino, amayi n'kubwerera kuzitsime zauve. Zimenezi zimandipweteka mtima, ndipo sindikhulupirira nambala ya arsenic imene sinadutse mu collision cell.

Mukachipinda kameneka timalowetsamo mpweya wa helium, mamililita 4 kapena 5 pa mphindi. Argon wogwirana ndi chlorine ndi wamkulu thupi, amawombana ndi helium kambirimbiri, mphamvu n'kumuthera, ndipo amalephera kudumpha chotchinga chapotulukira. Arsenic amadutsa. Kuyambira 2012 kuli makina a zipata ziwiri: choyamba chimalola 75 yekha, oxygen amagwira arsenic n'kumukweza kufika 91, chachiwiri chimawerenga 91. Wachinyengo uja amatsala m'mbuyo.

Chimene chikundikoka mtima masiku ano ndi single particle, kuwerenga tinthu tating'onoting'ono ta siliva kapena golide, kamodzikamodzi. Apa malamulo onse aja amatembenuka. Asidi musathire, angasungunule tinthu tomwe mukufunato. Sefa nayo ikhoza kutikola. Mumachulutsa madzi oyera kwambiri kuti tizilowa m'lawi pandandanda, makina n'kumawerenga pa mamaikilosekondi 100 aliwonse kapena kuchepera apo. Kanthu kamodzi kamaoneka pakompyuta ngati munga wotumphuka, wosakhalitsa ngakhale milisekondi imodzi. Kuchuluka kwa minga ndiko kuchuluka kwa tinthu, ndipo kukula kwa munga kumanena kulemera kwa kanthuko.

Ambiri amagwa pawiri. Madzi akachepa, tinthu tiwiri timalowa limodzi, makina n'kunena kuti ndi kamodzi kakakulu. Komanso nkhungu yofika m'lawi ndi yochepa, kawirikawiri yosapitirira 10%, ina yonse imatsikira kuchubu chotayira. Gawo la nkhungu lofika m'lawili muziliyeza tsiku lililonse ndi tinthu ta golide todziwika kukula kwake, monga ta 60 nanometre, chifukwa kachubu kapampu kakangolendera limasintha.

Gawo likudzali tikamba za mercury ya kumigodi, yomwe imakakamira m'machubu n'kumaonekera m'madzi otsatira, ndi chifukwa chake timathira golide pang'ono m'madzi otsukira.