Pulogalamu yanga yomwe inandineneza kwa bwana

Ntchito yake inali yosachititsa thukuta: nthawi yolowera ndi yowerukira ya antchito izisendezedwa ku kota ya ola yapafupi, 08:07 ikhale 08:00, 08:08 ikhale 08:15. Mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndinalemba round(minute / 15) * 15 (round() imasendeza nambala ku nambala yathunthu yapafupi), yankho n'kuliponya mu replace() yosinthira mphindi za nthawiyo. Nditayesa 08:20 inabweza 08:15, ndinadziguguda pachifuwa.

M'mawa mwake pulogalamu inagwa chagada, ikudandaula kuti ValueError, kutanthauza kuti yapatsidwa nambala yosayenera. Wina anali ataweruka 16:53. Mukagawa 53 ndi 15 mupeza 3.53, round() n'kukweza kukhala 4, kuchulukitsa ndi 15 ndi 60, pomwe mphindi za wotchi zimalekeza pa 59. Ine pofulumira ndinangomatapo % 60, yomwe imabweza chotsala mukagawa ndi 60, phokoso n'kutha. Chomwe sindinaone n'chakuti 60 ikasanduka 0, ola silisuntha. 16:53 inkakhala 16:00 m'malo mwa 17:00.

Mwezi utatha bwana anandiitana, pepala lili m'manja. "Bambo, kodi inu mumaweruka 4 koloko tsiku lililonse?" Thukuta kamukamu, ndinaulula kuti ndimazemba ndithu, koma 16:55, mphindi zisanu zokha. Apo n'kuti mnzathu wina wofika 08:56 masiku onse akuoneka ngati wa 08:00 wosaphonya, mpaka anamuyamikira pamsonkhano. Mlonda woweruka 23:57 ndiye ankabwezedwa ku 23:00, osati 00:00 ya tsiku lotsatira.

Kukonza kwake ndi kusiya kuseweretsa mphindi pazokha. Nthawi yonse isanduke timestamp, masekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970 UTC (nthawi yomwe mayiko onse amayezerapo nthawi zawo). Kota ya ola ndi masekondi 900, ndiye (ts + 450) // 900 * 900, pomwe ts ndi timestamp ija ndipo // ndi kugawa kotaya chotsala, kenaka kubwezera ku datetime (tsiku ndi nthawi) ndi timezone yake (nthawi ya dera lanu). Ola, tsiku, ngakhale chaka pa 31 Disembala, zimasuntha zokha. Kuwonjezera 450 kumakupulumutsaninso ku khalidwe lina la round() mu Python 3: nambala ikagwera pakati penipeni imathawira ku even, nambala yogawika ndi 2, round(1.5) ndi 2, round(2.5) ndi 2 yemweyo. Chenjerani pokhapokha mukasendeza ku ola lathunthu, chifukwa ku India, komwe ali UTC+5:30, njirayi idzakupatsani nthawi zothera pa :30.

Nditakonza, 16:55 yanga inayamba kuoneka 17:00 yoyera bwino. Tsoka lake bwana ndinali nditawauza kale zoona ndi pakamwa panga.