Mamiliyoni anga a ku Istanbul

Bukulo ndinaligula K2,000 kwa mnyamata wina woyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Old Town mu Lilongwe. Linali pakati pa buku la masamu a Fomu 3 ndi lina lophunzitsa kuweta akalulu. Chikuto chinatsala theka, masamba oyambirira anali atathothoka, koma dzina loti Istanbul linkawerengeka bwinobwino. Mnyamatayo anati, "Bwana, ili ndi la azungu enieni, simukasochera." Ndinalipira osanenerera n'komwe, ine munthu wokonzekera kukalimbana ndi amalonda a ku Turkey.

Ulendowo mwini wake anali mayi a Chikondi. Zaka ziwiri akuponya ku banki m'khonde kuti akaone ndi maso awo dziko limene anzawo a geni amapikulako masuti ndi madiresi. Ine, pokhala mphunzitsi wa jogalafe, ndinadzipatsa udindo wokonza pulani. Abale atamva, mndandanda unayamba kutalika wokha. Apongozi anafuna mpango, achemwali nsapato, ndipo alamu anga anabwera okha kudzanena kuti akufuna suti "ya ku Turkey yeniyeni, osati zongomata chizindikiro". Palibe ndi mmodzi yemwe anasiya tambala.

Usiku wina ndinafika pa tsamba la ndalama. Bukulo linati tiyi ndi malira 500,000, kapeti yaing'ono malira 150,000,000, ndipo dola imodzi imasinthidwa pa malira 1,500,000. Ndinatenga cholembera chofiira chochongera mayeso n'kuchulukitsa ndi madola 500 omwe tinapatula kuti akhale ogulira zinthu. Yankho linatuluka 750,000,000. Ndinatuluka panja kukapuma mpweya. M'mawa mwake sitafurumu yonse inadziwa kuti ndikukakhala mpondamatiki, ndipo madzulo ndinagula chithumba chachikulu cha mizeremizere chija choti ndikanyamulire ndalamazo.

"Bambo a Chikondi, bukuli ndi la chaka chanji?" anafunsa mayi.

"Mzinda wakhalapo zaka zoposa 2,000," ndinawayankha ngati ndili m'kalasi. "Usinthe lero chifukwa tikubwera ife?"

Tinanyamuka mu 2024, kudzera ku Addis Ababa. Buku linati tikatera pa bwalo la ndege la Atatürk. Tinatera pa bwalo lina, lalikulu kuposa chilumba chonse cha Likoma, kutali ndi mzinda, chifukwa ndege zonyamula anthu zinasamukira kumeneko mu 2019. Ndinauza mayi kuti woyendetsa ndege ali ndi zifukwa zake.

Pamalo osinthira ndalama ndinapereka madola anga, n'kutsegula chithumba chija kukamwa konse pa kauntala. Mtsikana wa mkatimo anayika mapepala m'makina, prrrr, n'kundipatsa kamtolo ka mapepala 80 a malira 200 ndi tina tochepa pamwamba. Kanakwana m'thumba la malaya, n'kutsala malo a mpango wopukutira thukuta. Ndinaimabe kudikira kuti apite kuseri akatenge ena. Iye anali atayamba kale kuyang'ana munthu wa kumbuyo kwanga. Nditafunsa za mamiliyoni anga, anandiyang'ana mmene namwino amayang'anira wodwala malungo aakulu.

Mayi a Chikondi ndi amene anapeza yankho pa foni. Pa 1 Januwale 2005 dziko la Turkey linachotsa maziro 6 pa ndalama yake, moti malira 1,000,000 akale anasanduka lira imodzi. Chondipweteka n'chakuti anzathu a ku Zambia anachita zomwezi mu 2013, kuchotsa maziro atatu pa kwacha yawo, ndipo ine ndinafotokozerapo ana zimenezi m'kalasi, choko chili m'manja. Ndinapinda chithumba changa mwaulemu n'kuchikhwapatira.

Munthu wanzeru akanalitaya bukulo pomwepo. Ine ndinaona kuti vuto ndi la masamu chabe. Titafika ku hotela yathu ku Laleli, dera lodzaza ndi masitolo opikulitsa zovala, ndinakhala mpaka pakati pa usiku kukhwatcha maziro 6 pa mtengo uliwonse wa m'bukumo. Nditamaliza, tiyi anali theka la lira, kapeti malira 150. Ndinalemeranso, ulendo uno kuchokera mbali inayo. Zoti pa zaka 20 mitengo ya ku Turkey inakwera ngati ya kwathu konkuno sizinandibwerere m'mutu, chifukwa tiyi ndi buledi wozungulira uja amati simit ankalipira ndi mayi, ine maso ali pa mapu.

Tsiku loyamba kukagula zinthu tinalunjika ku Grand Bazaar, umene eni ake amautcha Kapalıçarşı. Tinapeza chipata chachikulu chili chotseka, pambali pake pali mdala wogulitsa simit. Atandiona ndikugogoda, anati, "Kapalı."

"Eya, Kapalı, komweko," ndinatero, ndikumuonetsa dzinalo m'buku.

"Kapalı! Pazar!"

"Ndithu, bazaar! Tilowere kuti?"

Tinabwerezana choncho kanayi, iye akukweza mawu, inenso ndikukweza, mpaka mnyamata wina wodutsa anatimvera chisoni. M'Chiturkey, kapalı ndi chinthu chofoleredwa, komanso chinthu chotseka. Pazar ndi msika, komanso ndi tsiku Lamulungu. Mdala uja ankandiuza zoona zokhazokha: msika ndi wotseka, lero ndi Lamulungu. Tsamba lonena masiku otsegulira linali m'gulu la othothoka aja, mwina wina anakulungira mtedza ku Mchesi. Ndinagula masimit anayi popepesa.

Lolemba chipata chinali pululu. Msikawu anauyamba ndi Sultan Mehmed II patangopita zaka zochepa atalanda mzindawu mu 1453, ndipo lero uli ndi timisewu 61 tofoleredwa ndi masitolo pafupifupi 4,000. Ndinawerengera mayi zimenezi mokweza, iwo ali kale m'sitolo ya mipango kunenerera ngati akugula tomato ku Wakawaka. Sadziwa Chiturkey, Chingerezi chawo n'cha pa chipatala, koma anangoti "Aaa, achimwene, chepetsani" uku akubweza mpango, mtengo n'kutsika.

Ine ndinali ndi malamulo atatu a m'buku: usaonetse kuti chinthu wachikonda, yambira pansi penipeni, ndipo akakana nyamuka, akuitana okha. Ndinayesera pa nyale ina ya magalasi amitundumitundu. Ndinanyamuka monyada, khutu lili kumbuyo. Palibe anandiitana. Ndinakhota kumanja, kumanzere, kumanjanso, n'kutulukira pa sitolo yomwe ija. Kachitatu mwini wake anandipatsa moni ngati m'bale.

Koma chimene ndinadzera chinali kapeti. Buku linatchula sitolo ina pafupi ndi chipata cha Nuruosmaniye, ndipo mwamwayi, kapena mwatsoka, inalipobe. Mnyamata wovala bwino anatikhazika pa benchi n'kuitanitsa tiyi wa maapozi m'timatambula tating'ono tokhala ngati duwa. Buku linati kumwa tiyi sikukakamiza munthu kugula, choncho ndinamwa matambula anayi. Makapeti anayamba kuyalidwa, ina pamwamba pa inzake, fumbi lonunkhira ubweya wa nkhosa likukwera. Mnyamatayo anatembenuza imodzi kutionetsa mfundo zake, nati oluka a ku Turkey amamanga ulusi kawiri pa mfundo iliyonse, n'chifukwa chake kapeti imakalamba ndi zidzukulu. Anatulutsanso ina ya silika ya ku Hereke, imene ukaizungulira mtundu wake umasintha ngati bilimankhwe. Ine nkhope ndinaiumitsa ngati ndili pa maliro a munthu amene ndinali naye ngongole. Kenaka ndinaloza kakapeti kofiira ndi nsonga ya nsapato.

Anatenga kakyuleta yaikulu, n'kulemba 18,000. Ndalama zonse za m'thumba langa la malaya sizinkafika pamenepo. Ndinaseka kuseka kumene buku linalangiza, ndinalandira kakyuletayo, n'kutsegula buku pabondo mobisa. Apa ndiyenera kudziteteza pang'ono. Magalasi anga owerengera anatsala ku hotela, m'sitolomo munali kamdima, ndipo matambula anayi aja anali atafika kale kumene amapita. Mizere yofiira yomwe ndinakhwatcha nayo maziro inaoneka ngati ndinangotsindika kuti asaiwalike. Ndinakopera zonse mokhulupirika ngati mwana wobera mayeso: 150,000,000. Ndinamubwezera kakyuleta ndi nkhope yonena kuti pamenepa sindiwonjezerapo.

Mnyamatayo anayang'ana. Anawerenga maziro ndi chala. Anandiyang'ana ine, nsapato zanga za pa kaunjika, chithumba cha mizeremizere chili m'khwapa. Kenaka anafuula chakuseri, "Baba!"

Mayi anasuzumira. "Bambo a Chikondi, mwagulitsa nyumba ya yani?"

Ndinali nditalonjeza madola oposa mamiliyoni 4 pa kakapeti kosakwana n'komwe pakhomo la bafa. Ndinalanda kakyuleta, ndinafufuta, n'kulemba 150. Mnyamatayo anayang'ananso, nati pa mtengo umenewo akhoza kundilola kujambula nayo chithunzi. M'mphindi imodzi yokha ndinakhala kasitomala wolemera kwambiri ndi wosaukitsitsa amene sitoloyo inalandirapo.

Bambo ake anatulukira, mdala wa ndevu za imvi, mikanda yopempherera ili m'manja. Maso ake anagwera pa buku. Analitenga, anatsegula, anapeza dzina la sitolo yake, n'kuyamba kuseka mpaka anakhala pansi pa mulu wa makapeti akupukuta misozi. Kudzera mwa mwana wakeyo anati munthu womaliza kubwera ndi buku limenelo anafika mnyamatayo akadali wa matewera. Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala la ndalama lakale, nkhope ya Atatürk, pulezidenti woyamba wa dziko la Turkey, ili pamenepo, nambala yake 20,000,000. Masiku amenewo, anatero, ngakhale wopukuta nsapato anali mpondamatiki. Anandipempha kuti tisinthane, iye atenge buku akaliike pa khoma, ine nditenge pepalalo. Ndinavomera msanga chifukwa miyendo inali itayamba kupingasa yokha. Chimbudzi cha mumsikamo n'cholipira, ndipo kumeneko sindinanenerere.

Pobwerera ndinasocheranso. Ndinapeza mayi atamaliza kale zonse: zophimba mapilo ziwiri zoluka, yachitatu ya basela, mdala uja akuwatcha mlongo wake. Ndalama zotsala zinathera ku Laleli pa madiresi a geni, mpango wa apongozi ndi nsapato za achemwali. Suti ya alamu tinaikumbukira tili m'mwamba, m'ndege yobwerera kwathu.

Alamu anafika tsiku lomwe tinabwerera, tisanamasule n'komwe zikwama. Ndinalowa kuchipinda, ndinaika pepala lija mu envelopu, n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Alamu, saizi yanu inavuta. Mukasankhe nokha m'tauni."

Anatsegula. Anawerenga maziro ndi chala, ndendende ngati mnyamata wa makapeti uja, kenaka anavula chipewa. Ndinali ndi cholinga chowauza m'mawa kuti nthawi yosinthira mapepala amenewo inatha mu 2015, ngakhale ku Turkey komweko. Koma nditadzuka, Chikondi anandiuza kuti amalume anabwera mbandakucha atamanga tayi, akuthamangira minibasi yoyamba ya m'tauni, ndipo abwereka chithumba cha mizeremizere chija.