Chimanga chophika m'madzi a laimu: tortilla ndi pozole za ku Mexico

Chimanga tikudya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga kwawo ndi ku Mexico. Mbewuyi inafika kuno ndi zombo za Apwitikizi, koma kaphikidwe ka eni ake kanatsala komweko. Iwo sayamba n'kukonola. Amawiritsa chimanga chouma m'madzi a laimu kapena a phulusa, ndipo chimanga chophikidwa motero amachitcha nixtamal.

Ubwino wake ndi waukulu. M'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin, koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga. Laimu amamumasula. Munthu wodalira nsima yokha wopanda nsinjiro, nyemba kapena nsomba amadwala pelagra: khungu limada ndi kusweka paliponse poomba dzuwa, m'mimba mumatsegula, mutu umasokonezeka. Mu 1990 anthu oposa 17,000 othawa nkhondo ya kuno ku Mozambique anadwala matendawa m'misasa ya ku Malawi, mtedza utasiya kugawidwa.

Tengani chimanga 1 kg chopepeta bwino, madzi malita 3 ndi laimu magalamu 10. Laimu wake akhale wa zakudya, calcium hydroxide. Wothira m'munda sagwira ntchito n'komwe, ndipo womangira nyumba amakhala ndi zoipa zina. Akasowa, tchezani phulusa la nkhuni kapena la zitsononkho ngati mukukonza chidulo, madziwo ndiwo muphikire. Poto wa aluminiyamu ayi, laimu amamudya. Mphika wadothi ndiye wabwino.

Wiritsani pamoto wochepa mphindi 30 mpaka 45. Chimanga cha makolo, pokhala cholimba, chimachedwa kuposa cha haibulidi, tsono musadalire wotchi yokha. Vuulani njere imodzi n'kuifikisa ndi zala. Khungu likasendeka koma m'kati mukadali molimba, phulani. Chigone m'madzi omwewo maola 8 mpaka 12. M'mawa tayani madziwo, tsukani kawiri kapena katatu uku mukufikisa kuti makungu achoke.

Kuti mupange tortilla, timikate tafulati topyapyala, chimangacho chigayidwe, ndipo pogaya ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Chigayo chathu sichilandira chimanga chonyowa, chimamatirira pa sefa. Sinjani mu mtondo, kenaka perani pamphero mpaka zisalale, mukuwaza madzi pang'onopang'ono. Umbani timibulu tofanana ndi dzira laling'ono, papatizani pakati pa mapepala awiri apulasitiki, ikani pa chiwaya chotentha kwambiri chopanda mafuta. Tembenuzani pakatha theka la mphindi, kenaka pakatha mphindi imodzi. Tortilla yabwino imafufuma pa kutembenuza kwachiwiri. Zikulungeni m'kansalu kuti zifewe ndi nthunzi.

Zikamang'aluka m'mbali, madzi achepa kapena simunapere mokwanira. Zikamanata m'manja, chimanga chinapsa kwambiri, ndipo apo palibe kukonza. Chikasu chakuda ndi kuwawa pakamwa ndiye kuti laimu anachuluka kapena simunatsuke bwino. Ufa woyera kapena mgaiwa wamba sungalowe m'malo, suumbika.

Kwa amene akuyamba, ine ndimati yambani ndi pozole, msuzi wa chimanga chathunthu ndi nyama, chifukwa sifuna mphero. Chimanga chotsukacho chiwire m'madzi atsopano maola awiri kapena atatu mpaka njere ziphulike. Thirani nyama ya nkhumba kapena nkhuku, adyo, anyezi ndi tsabola, mchere ubwere njere zitafewa. Popakula ikani kabichi wamuwisi woduladula pamwamba ndi kufinyira mandimu.