Tsiku lomwe anabwera ndi zithunzi za dooko lathu

Loweruka.

Ndadzuka nkhuku zisanatsike, poti Okutobala wa ku Chikwawa ukangochedwa pang'ono dzuwa limakuphikira m'njira. Amalume anaimba Lachinayi: "Mwanawe, Loweruka usalephere. Kukubwera anthu ofuna malo a kudooko, ndiye mapepala awo afuna maso a munthu wa sukulu." Ndakwera minibasi pa Nchalo, kutsika pa Dyeratu, kenako kabaza mpaka kumudzi. Mbali ya esiteti nzimbe zili biriwiri, koma ukangoisiya kumbuyo nthaka ili gwa, mbuzi zikupanikizana pa kamthunzi ka mlambe wopanda tsamba.

Ndapeza anthu atadzaza kale pansi pa nimu wa kwa a nyakwawa, amayi pa mikeka, abambo pa timipando. Alendowo anali anyamata awiri aulemu ndithu, otumidwa ndi bwana wina mwini mafakitale ku Blantyre, wofuna kumanga loji ya alendo kudooko. Atapereka moni anatulutsa tabuleti, n'kuyamba kuiyendetsa m'manja mwa anthu. Itafika kwa ine mtima unagunda. Linali dooko lathu lenileni, mkuyu wathu womwe uja wopendekera kumadzi, koma pansi pake atajambulapo tinyumba tofolera udzu wosalala, dziwe losambiramo, mipando yogonera yoyang'ana ku Shire. Chithunzi chokongola, sindikana. Ndinachiyang'anitsitsa kufuna kuona mayi wosenza chidebe, kapena bwato la achimwene lomwe limamangidwa pa muzu wa mkuyuwo. Munalibe.

Analonjeza ntchito, msewu, magetsi ndi mjigo watsopano. Nthungululu zinamveka, ndipo sindingamunyoze aliyense woimba. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anatikwirira minda ndi mchenga, tisanapume n'komwe Freddy anabwera mu Malichi 2023. Thonje lomwe linaphunzitsa ife lero silikubweza ndi ya mankhwala yomwe. Mnyamata amene wakhala chaka chonse akudikira ganyu yodula nzimbe, ukamuuza za ntchito ya yunifomu pakhomo pomwe, awomba m'manja basi.

Koma pamene alendowo amalankhula, ine maganizo anali atapita kutali, ku Florida, m'dziko la America. Nkhaniyi ndinaiwerenga kale pokonzekera phunziro la jogalafe, ndipo sinandichoke. Kuli kachilumba kakatali kowonda, nyanja yaikulu mbali iyi, madzi a Lake Worth mbali inayo. Kunkakhala mabanja owerengeka. Mu 1878 sitima yapamadzi yotchedwa Providencia inaswekera pagombe pawo itanyamula kokonati, anthuwo n'kutola n'kudzala, ndipo mitengo itakula malowo anatchedwa Palm Beach. Ndiye kunafika Henry Flagler, munthu amene analemera ndi mafuta, mnzake wa John D. Rockefeller mu kampani ya Standard Oil. Anali atamanga kale hotela yaikulu ku St. Augustine mu 1888. Anaona mitengo ija, anagula malo, ndipo mu 1894 anatsegula hotela ya Royal Poinciana, chinyumba chamatabwa chomwe chinadzakhala chimodzi mwa zikuluzikulu pa dziko lonse. Chaka chomwecho njanji yake inafika tsidya la madziwo. Mu 1896 anawonjezera hotela ina m'mphepete mwa nyanja, imene lero imatchedwa The Breakers. Anthu achuma a ku New York anayamba kuthawira kumeneko nyengo yozizira, ndipo mpaka pano Palm Beach ndi kwa mabwana okhaokha.

Chimene chimandigwira mtima ndi anthu amene anakhoma misomali. Ambiri anali akuda, ndipo anamanga tizisakasa tawo pachilumba pompo, pamalo otchedwa Styx. Ndiwo ankaphika, kuchapa, kusesa, ena n'kumapalasa alendo pa mipando yamatayala, ngati kabaza wathuyu koma wokwera atakhala kutsogolo. Flagler anayala tauni ina tsidya la madzi, West Palm Beach, yoti kuzikhala antchito, ndipo cha m'ma 1912 a ku Styx aja anali atachotsedwa pachilumbacho, malo awo n'kugulitsidwa mapuloti. Ntchito anaipeza, malipiro ankalandira, njanji inatsegula dera lonse mpaka ku Miami. Zonsezo n'zoona, ndipo sindimuyesa Flagler mfiti. Kungoti pomaliza pake madzi anakhala malire, odya tsidya lino, ophika tsidya lija.

Ndisanatsegule pakamwa, amalume anayambitsa za Majete, poti ndi pafupi ndipo tonse tinaona ndi maso. Nkhalango ija inali itatha, njovu yomaliza inaphedwa kale m'zaka za m'ma 1990. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa anali mpondamatiki wa ku Netherlands, Paul Fentener van Vlissingen. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, ndipo loji yapamwamba ya Mkulumadzi inatsegulidwa mu 2011. Ana athu ena akugwira ntchito kumeneko. Amalume anati, "Ndalama ya munthu wolemera si yoipa, tinaiona ikudzutsa thengo. Koma Majete anali malo a boma kuyambira 1955. Dooko ili ndi pomwe timamwa." Anthu anavomera ndi kung'ung'udza.

Kenako a nyakwawa anandikodola. "Aphunzitsi, tiwerengereni." Pepalalo linali la Chingerezi chokhachokha, masamba anayi. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono n'kumamasulira ndime ndi ndime, thukuta likudontha pa pepala. Munali malire a malo, kuyambira pa mkuyu mpaka kumadimba a kumunsi. Munali zaka 99. Munali mpanda. Ndinabwereza kawiri kufunafuna ntchito zija, msewu uja, mjigo uja. Ndinakweza mutu n'kunena monga momwe ziliri: zimene tamva ndi makutu m'pepala muno mulibe, ndipo njira yopita kumadzi sinatchulidwe paliponse.

Panakhala zii. Amene anaswa bata ndi agogo aakazi a kuseri kwa tchalitchi, omwe sayankhula pa bwalo kawirikawiri. Sanaimirire n'komwe. "Ana anga, ine zaka 99 sindizifika. Ndingofunsa za mawa. Tikatunga kuti? Ng'ombe zikamwa kuti? Mjigo ukafa, poti mijigo imafa, ndipo wa kuno madzi ake ndi amchere, tidzagogoda pa geti ya ndani?" Mnyamata wamkulu uja anayankha moona mtima kuti alibe yankho, akafunsa abwana. Ndinamulemekeza pa chimenecho. Akanatha kutipaka mafuta pakamwa, sanatero.

A nyakwawa anagamula kuti lero palibe chidindo, palibe chala. Nkhani ipita kwa a gulupu ndi ku komiti ya malo. Apa ndinawakumbutsa kuti lamulo la malo a makolo la 2016 limati pa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa mu komitiyo, atatu kapena kuposa akhale amayi. Amayi anayang'anizana. Ena anali asanamvepo.

Chimene chandipweteka lero chinachitika anthu akubalalika. Mwana wa azakhali anga, mnyamata wa mphamvu zake amene anakhoza Fomu 4 koma akupalasa kabaza, ananditsekera njira, maso ali psuu. "Achemwali, inu mwezi ukatha mumalandira. Ife tidya dooko? Anthuwa akakwiya n'kupita ku mudzi wina, mudzatilemba ntchito ndinu?" Ndinasowa chonena. Ndinangomugwira dzanja n'kumuuza kuti loji ndikuifuna ngati iye, ndikufuna adzavale yunifomu ija, koma ndikufunanso amayi ake asadzayende mtunda ndi chidebe pamutu kuzungulira mpanda. Anachotsa dzanja lake n'kukwera njinga. Mpaka pano mawu ake akundilira m'khutu, chifukwa njala imene akuinena ndi yeniyeni, ndipo nthawi yodikira mapepala amene ali nayo ndi wokhuta.

Dzuwa litapendeka ndinatsagana ndi amayi kudooko. Madzi atsika, mchenga uli poyera, ana akusambira pafupi ndi gombe poopa ng'ona. Kumunsi mvuu zinayamba kudzuma. M'madimba chimanga chili ngaiyaye, mbatata zayala, ndipo ndi zimenezi zidzatifikitse ku mvula. Amayi akutsuka mapoto ndi mchenga ndinawafotokozera za Palm Beach, zonse, ndi za kokonati zomwe. Anamvetsera osadukiza. Pomaliza anafunsa chimodzi chokha: "Nanga atawawolotsa anthuwo, ntchito ya ku hotela ankagwira ndani?" Ndinati omwewo, kuwoloka m'mawa, kubwerera madzulo. Amayi anatsanulira madzi mu mphika, n'kuuyang'ana mkuyu uja nthawi yaitali. Pansi pake m'pamene anandisambitsira ndili khanda, ndipo agogo anga amuna ankasokerapo maukonde.

Usiku uno amalume abwera ndi kope la ana asukulu ndi bolopeni. Akuti ndilembe m'Chichewa zonse zimene mudzi ukufuna zilowe m'pepala, kuti Lachitatu akapite nazo kwa a gulupu, ndipo aliyense azitha kudziwerengera yekha. Takhala pakhonde ndi tochi ya pafoni, udzudzu ukutizinga. Tayamba ndi njira ya kudooko, yotakata moti ngolo n'kudutsa, yosatsekedwa usana ndi usiku. Chachiwiri madimba asalowe mumpanda. Chachitatu ndalemba ntchito, ndi chiwerengero chake, ndi kuti oyamba akhale ana a m'mudzi muno. Pamenepa ndasiya mpata waukulu, chifukwa mawa ndisanakwere minibasi ndikufuna ndikamupeze mwana wa azakhali uja pa siteji, anene yekha zoti tilembepo.