Ana ankandiuza kuti ndikhale pansi, ine n'kumawaombera m'manja

Aliyense amene anagwirako choko ali ndi kachikhulupiriro kake ka momwe Chingelezi chimalowera m'mutu mwa mwana, ndipo timakagwira ngati chipembedzo, ukatitsutsa timakwiya. Ena amati galamala basi, mwana aloweze matensi onse zinazo zibwera zokha. Ena amati nyimbo ndi masewero. Ine changa chinali chakuti m'kalasi mwanga chilankhulo cha kunyumba chisamveke olo liwu limodzi, olo kutsokomola kumene utsokomole m'Chingelezi.

Sikuti ndinangozilota ayi, ndinali nditawerenga. Paja pali nkhani ya Maximilian Berlitz amene anatsegula sukulu yake ya zilankhulo ku Providence ku America mu 1878. Amati bamboyu atadwala anasiyira kalasi ya Chifalansa mnyamata wina wochokera ku France dzina lake Nicholas Joly yemwe Chingelezi sankachidziwa kwenikweni, ndiye poti analibe pothawira ankangoloza zinthu n'kumazitchula, kukodola, kuchita zisudzo, mwini wake pochira anapeza ophunzira akucheza m'Chifalansa bwinobwino. Ine nditamva zimenezo ndinati ehee, mankhwala ndi amenewa, mwana ukamutsekera njira yobwerera kwawo alankhula basi.

Njira zina ndinayesakonso. Ija ya Caleb Gattegno yoti mphunzitsi azikhala chete n'kumangoloza ndi kamtengo inatha tsiku lomwe ahedi anabwera kudzafunsa ngati ndili ndi zilonda zapakhosi. Ya Georgi Lozanov wa ku Bulgaria, yophunzitsa uku mukumvetsera nyimbo zoziziritsa mtima, theka la kalasi linagona, enawo ankangodikira kuti inenso ndiyambe kusinza.

Imene inandigwira mtima ndi ya James Asher, katswiri wa za maganizo wa ku San José ku California, yomwe anaiyamba m'zaka za m'ma 1960, amaitcha TPR (Total Physical Response), kutanthauza kuyankha ndi thupi lonse. Mfundo yake njomveka ndithu. Khanda limamva kaye n'kumayankha ndi thupi, ukati bwera limabwera, ukati siya limasiya, kulankhula kumadza mochedwa. Ndiye nawenso mphunzitsi usamakakamize oyamba kumene kuti alankhule, uzingolamula n'kumachita nawo limodzi, imirirani, khalani, gwirani mutu. Pakatha maola 10 mpaka 20 ophunzira amayamba okha kutsegula pakamwa, ndipo chizindikiro chake n'chakuti zinthu zimatembenuka, iwo ndi amene amayamba kulamula iwe n'kumamvera. Mfundo imeneyi muisunge bwino. Zolemba mayina a olankhula chilankhulo cha kunyumba kuti akasese pambuyo pa sukulu, zimenezo Asher mulibemo, iye ankafuna ana aziphunzira opanda mantha, ndinangothiramo ndekha kuti zikome.

Ndiye kunabwera uthenga woti mayi wina woyendera masukulu adzakhala nawo m'kalasi mwanga. Ine mantha ndinalibe, ndinkangoti abwere adzaone maphunzitsidwe amakono. Ndinatulutsa suti yanga ija ya masiku apadera, yomwe ndinagula mimba isanayambe zake, buluku kulowa movutikira koma ndinati bola batani latseka.

Madamu aja anakhala kumbuyo ndi kope lawo. Tinayamba. "Stand up!" Onse nji. "Turn around!" Onse zunguliru. "Touch your head, touch your knees." Zikuyenda abale, ine thukuta lachimwemwe. Kenako ndinakuwa "Touch your toes!" ndipo poti m'njira imeneyi mphunzitsi amaonetsa chitsanzo, ndinawerama ndi mtima wonse mpaka zala kufika pansapato.

Kunamveka kweee.

Ine ndinadzuka n'kuyang'ana kalasi yonse ndi diso loopsa, ndinati ndani akung'amba pepala m'kope nthawi ya phunziro, m'Chingelezi zimenezo. Palibe anayankha. Ndinatembenuka kuti ndilembe pabolodi, ndipo kumbuyo kwanga kunangoti zii, kenako tikuseka tapansipansi. Mukudziwa ndinaganiza chani? Ndinakumbukira katswiri wa zilankhulo Stephen Krashen amene amati nkhawa imatsekereza chilankhulo kuti chisalowe, ndinati taonani ana anga amasuka, akusangalala ndi phunziro. Kamphepo komwe ndinkakamva kumbuyoko ndinati ndi windo.

Mtsikana wina wapatsogolo, wofatsa kwambiri, amene chiyambire temu ndinali ndisanamumvepo mawu, anaimika mkono. "Teacher, sit down."

Abale inu, misozi inalengeza. Zija analemba Asher zija zikuchitika pamaso panga, popanda kukonzekera, komanso tsiku lake lomwe kuli mlendo! Ndinakhala pampando msangamsanga, ana onse n'kupumira m'mwamba, ine n'kudzukanso kuti "Very good! Clap hands for her!" Anaomba m'manja mofooka.

Wina uko, "Teacher, don't turn around." Apa ndiye mutu unazungulira ndi chimwemwe, chifukwa kulamula koletsa ndinali ndisanaphunzitse, mwanayu wakupanga yekha. Chiganizo chokongola chonchi sichingangopita, ndinatembenuka n'kuchilemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, pamwamba penipeni, chonyanyamphira, kenako n'kuwerama kutola choko chomwe chinagwa.

Zitatero malamulo anangoti mbwee. "Teacher, stand near the wall." Ndinaima, n'kuchokapo. "Teacher, take your jacket." Ndinalitenga pampando n'kulikoleka paphewa mwa staili. "Teacher, go home." Apa ndinaseka kwambiri, ndinayenda monyada mpaka pakhomo, kalasi yonse ikundionera kumbuyo, n'kubwerera. Ndikaponya diso kwa madamu aja ndinkaona mutu uli m'kope, mapewa akugwedezeka, ine n'kumati koma ndiye akulemba zambiri, mwina akufuna akandigwiritse ntchito yophunzitsa aphunzitsi anzanga.

Mnyamata wina wapakona, mtima wake wabwino, analephera kupirira. Ananong'ona m'chilankhulo chathu kuti "Sala, bulu..." Sanamalize. Ndinamudula ndi "English only!" n'kulemba dzina lake pa kapepala ka okasesa, pamaso pa mlendo, kuti aone kuti pano lamulo ndi lamulo.

Mwanayo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, n'kuyamba pang'onopang'ono. "Teacher, touch your back." Ndinagwira msana. "Down." Ndinatsitsa dzanja. "Down, down."

Dzanja linafika pamalo poyenera kukhala nsalu ya suti koma linapeza zina. Msoko wonse unali utamasuka kuyambira palamba mpaka kukafika kunsi, ndipo chomwe ana anakhala akuwerenga nthawi yonseyi sichinali pabolodi ayi, anali kabudula wanga wamkati wofiira uja, wotha lasitiki, amene mayi akunyumba anandiuza kalekale kuti ndimutaye.

Belu linali likadali kutali. Ndinayenda chambali, msana uli kukhoma, mpaka pampando, ndipo gawo lotsala la phunziro la kuyenda ndi kudumpha ndinaliphunzitsa nditakhala, miyendo nditaiphatikiza. Ndikati "Jump" ana ankadumpha mwaulemu kwambiri, osandiyang'ana kumaso.

Ku ofesi ahedi sanalankhule kanthu, anangotsegula dirowa n'kundipatsa sitepula, n'kundilozera kachipinda kosungira mabuku. Ndemanga za madamu ndinazimvera choimirira chifukwa ndi mawaya aja kukhala pansi kunali kuika moyo pachiswe. Iwo maso ali ofiira ndi kuseka anati, "Aphunzitsi, kunena zoona, sindinamvepo oyamba kumene akulankhula Chingelezi chochuluka chonchi, ndipo mukudziwa chifukwa chake? Anali ndi nkhani yeniyeni yoti akuuzeni. Vuto ndi lakuti m'chipinda monse muja munthu amene sanamve Chingelezicho ndi inuyo." Kenako anandifunsa ngati amene anandiphunzitsa ine ankaletsanso chilankhulo cha kunyumba. Ndinati eya, ankatilemba mayina. Anagwedeza mutu n'kundiuza za Dan Lortie, wofufuza za ntchito ya uphunzitsi, amene mu 1975 anawerengera kuti mwana pomaliza sukulu amakhala atathera maola pafupifupi 13,000 akuonerera aphunzitsi, ndiye ambirife tikagwira choko timangobwereza zomwe tinaonazo, mayina a akatswiriwa timangowamata pamwamba. Ine ndinafuna kutsutsa, kuwakumbutsa za Berlitz, koma n'kovuta kutsutsana ndi munthu pa nkhani za maphunziro dzanja limodzi lili kumbuyo kugwirizira buluku.

Anati lamulo langalo ndisalitaye lonse, Chingelezi chizimveka kwambiri m'kalasi poti kwina anawo sachimva, koma ndisiye kakhomo kakang'ono ka zangozi, monga moto, njoka, kapena zovala za aphunzitsi. Zimenezi anazilembadi mu lipoti, kupatula za zovalazo.

Mnyamata uja anabwera poweruka atanyamula tsache, n'kufunsa m'Chingelezi chomveka bwino ngati akasesebe. Ndinamuuza kuti azipita, m'chilankhulo chathu, motsitsa mawu. Ndipo mpaka temu inatha, choko chikangogwa pansi m'kalasi imeneyo, ana angapo ankathamangira kudzanditolera ndisanaganize n'komwe zowerama.